Phokoso la mashoo a ku koleji lija tingalibweze bwanji?

WapaPoly90s

Akuluakulu, ndabwera kudzapempha nzeru. Amene tinaphunzira pa Poly m'zaka za m'ma 1990, pamene lero pakutchedwa MUBAS, tikukonza zokumana mu Julayi konkuno ku Blantyre. Komiti yagwirizana kuti usiku umenewo kusakhale DJ koma bandi yoimba anthu akuona, ya magitala aukali ngati mmene zinkakhalira m'mashoo a ku koleji: rock, reggae ndi zathu zakonkuno. Tikuyembekezera anthu pafupifupi 300. Holo imene tapeza ndi ya makoma a simenti, pansi simenti, denga la malata lopanda siling'i.

Aliyense akamakumbukira mashoo aja amanena zofanana: ng'oma inkagunda pachifuwa, gitala inkamveka yonenepa, munthu unkatuluka makutu akulira. Zida za masiku ano ndi zapamwamba kuposa zija koma sizimveka choncho. Chinkachititsa n'chiyani? Nanga tikapita kwa obwereketsa zida tikapemphe chiyani, chochuluka bwanji? Za magetsi nazonso tiunikireni, poti kumbali ya siteji kuli masoketi anayi okha.

Mikisa16

Achimwene, chimene mukukumbukiracho sichinkachokera m'masipika akuluakulu ayi, chinkachokera pa siteji penipeni. Mabandi ambiri a nthawi imeneyo ankayenda ndi mikisa (chida chosakanizira mawu) yaing'ono, ya matchanelo 8 kapena 12, ndipo m'menemo munkadutsa mawu a oimba, kiyibodi, mwina ndi ng'oma ya phazi basi. Gitala ndi bezi zinkamveka kuchokera m'maampu ake, atatsegulidwa mpaka kumapeto, ndipo wa ng'oma ankamenya ndi mphamvu zake zonse kuti asamire. Ndiye inu mwaima mamita atatu kuchokera pa ampu, holo yadzaza thothotho, mphepo ya sipika ikukufikani pathupi. Lero zonse zimadutsa mu mikisa, pa siteji pamakhala bata, mawu amatuluka oyera koma onse akuchokera m'mabokosi awiri a m'mbali. Khutu limasiyanitsa zimenezi.

Chinanso chimene ambiri safuna kumva n'chakuti mbali ina ya ukali uja inali kulephera kwa zida. Ampu ya masipika ikakakamizidwa kupyola mphamvu yake, kanyali kofiira kaja kali chiyakire, mawu amasweka, ndipo mawu osweka khutu limawamva ngati okwera kwambiri. N'chifukwa chake ma tweeter (timasipika ta mawu akuthwa) ankapsa pafupipafupi. Zimenezo musazibweze, mwini zida akulipiritsani.

Kwa anthu 300 m'holo yotere, pemphani masipika apamwamba awiri kapena anayi a mainchesi 15, aikidwe pamasitandi kuti honi, mbali yotulutsa mawu akuthwa, ikhale pamwamba pa mitu, mamita awiri kapena kuposerapo, itaweramira kwa anthu osati kukhoma lakumbuyo. Muonjezere ma sub (masipika a bezi) awiri a mainchesi 18. Amenewa ndiwo amabweretsa kugunda kwa pachifuwa, kumene kumakhala pakati pa 60 ndi 100 Hz. Muwagundanitse pamodzi kutsogolo kwa siteji, chapakati. Mukawasiyanitsa wina uku wina uko, bezi imaunjikana pamzere wapakati pomwe m'malo ena imasoweratu. Crossover, imene imagawa mawu pakati pa ma sub ndi masipika apamwamba, ikhale cha pa 100 Hz. Mamonita (masipika oyang'ana oimba kuti azidzimva) anayi akukwanani. Mikisa ya matchanelo 16 nayonso ikwana ndendende: ng'oma ya phazi, snare, ma tom atatu, maiki awiri a pamwamba pa ng'oma, bezi, magitala awiri, kiyibodi iwiri, oimba anayi. Maiki a pamwambawo m'holo ya simenti muwatsitse kwambiri, ma cymbal amadzimvekera okha mpaka kusokosa. M'kati mwa ng'oma ya phazi muikemo bulangete lopinda likhudze chikopa, apo ayi imangolira ngati mgolo wopanda kanthu.

Ngati masipika ndi opanda ampu yakeyake, werengani ma ohm (muyeso wa katundu amene sipika imasenzetsa ampu) musanalumikize. Awiri a 8 ohm pa tchanelo imodzi amapanga 4, zili bwino. Anayi amapanga 2, ndipo maampu ambiri pamenepo amatentha n'kudzithimitsa okha pakati pa nyimbo.

Holo yanuyo ndiyo idzakuvutitsani kuposa zida. Simenti ndi malata zimabweza mawu, ndiye poyesa zida masana, muli anthu khumi okha, zidzamveka zosokonekera. Musachite mantha n'kuyamba kudula chilichonse pa EQ, pokwezera ndi kutsitsira mbali zosiyanasiyana za mawu. Matupi a anthu amamwa mawu, holo ikadzaza imakhazikika yokha. Chimene mungachite ndi kupachika makatani olemera kapena mabulangete kukhoma lakumbuyo ndi kuseri kwa ng'oma, mutasiya mpata wa chikhatho chimodzi pakati pa nsalu ndi khoma.

Kulira kwa tswii kuja kumachitika maiki ikamamva sipika imene ikutulutsa mawu a maiki yomweyo. Maiki ngati Shure SM58 simva kumbuyo kwake, ndiye monita ikhale kumbuyo kwenikweni kwa maiki, ndipo masipika akulu akhale kutsogolo kwa mzere wa oimba, osati kumbuyo kwawo. Anthu asanalowe, kwezani monita iliyonse pang'onopang'ono mpaka iyambe kulira, mupeze malo ake pa EQ ya magawo 31, mutsitse 3 dB, mukwezenso. Kulira kokhuthala kumakonda kukhala pakati pa 250 ndi 500 Hz, kwa likhweru pakati pa 2 ndi 4 kHz. Mukadula malo anayi kapena asanu imani, kupitirira apo monita imafa mawu. Pa maiki onse a oimba dulani za pansi pa 100 Hz. Ndipo muwauze oimba asamafumbatire mutu wa maiki. Zimaoneka bwino pachithunzi koma zimatseka timabowo takumbuyo, maiki n'kuyamba kumva mbali zonse.

Zamagetsi_Ginnery

Za mawu a Mikisa16 anena mokwanira. Ine ndiyankhe za masoketi anayiwo, chifukwa pamenepo ndi pamene shoo imafera, nthawi zina ndi munthu yemwe.

Magetsi athu ndi 230 V, ndipo pulagi ya mano atatu ili ndi fyuzi yosapitirira 13 A. Mukachulukitsa mupeza 2,990 W, tinene kuti 3 kW pa pulagi imodzi. Nyali zakale za pa siteji zija, PAR 64, iliyonse inali 1,000 W. Zitatu zokha zamaliza pulagi. Amene mukukumbukira magetsi akuthima bandi ili pakati pa nyimbo, nthawi zambiri chinkagwetsa breaker ndi nyali zimenezo, osati magitala. Bwerekani za LED, khumi zimadya zochepa kuyerekeza ndi imodzi yakaleyo.

Musakhulupirire kuti masoketi anayi ndi mizere inayi. Kawirikawiri onse amakhala pa breaker imodzi, pamodzi ndi mafiriji a ku bala ndi ketulo ya kukhitchini. Pitani ndi wamagetsi wachiphaso masiku angapo shoo isanafike, athimitse ma breaker imodziimodzi muone chimene chili pa mzere uti. Ngati holoyo ili ndi mafezi atatu, zida zonse za mawu zikhale pa fezi imodzi, kuyambira mikisa mpaka maampu a pa siteji, ndipo nyali ndi mafiriji zipite kwina. Firiji ikamayaka imaponya kuthetheka m'masipika. Waya wobweretsa magetsi pa siteji akhale wa 2.5 mm², osati timaekisitenshoni topyapyala ta pamsika. Ngati ndi wokulunga pa dramu, mutambasule yense. Wokulungidwa amatentha mpaka kusungunuka.

Tsopano chofunika kuposa zonse. M'masipika mukamveka mng'ung'uzo wa hmmm, umene ndi 50 Hz ya magetsi athu, pamapezeka wina wodziwadziwa amene amachotsa waya wa earth m'pulagi ya ampu. Phokoso limathadi, koma tsiku limene ampu yaonongeka m'kati, magetsi amadutsa pa nsambo za gitala, m'manja mwa woimba, n'kukatulukira pamlomo pamene wagunda maiki. Leslie Harvey, wa gitala wa bandi ya Stone the Crows, anafa choncho pa siteji ku Swansea mu 1972. Mankhwala oyenera a mng'ung'uzo ndi kutengera zida zonse magetsi pamalo amodzi, ndi kudutsitsa bezi ndi kiyibodi mu DI box (kabokosi kolumikizira chida ku mikisa) n'kukanikiza kabatani ka ground lift. Kameneko kamadula earth ya chingwe cha mawu chokha, ya magetsi imatsala. Pamzere wa pa siteji pakhale RCD ya 30 mA, chida chodula magetsi akayamba kudutsa mosayenera monga mwa munthu, ndipo muiyese ndi batani lake. Musanayambe, tengani multimeter (choyezera magetsi) pa AC, nsonga ina pa nsambo za gitala, ina pa mutu wa maiki. Iwerenge pafupi ndi ziro. Ikaonetsa mavolti ambirimbiri, aliyense asagwire kanthu mpaka vuto lipezeke.

Jenereta ikhalepo basi, musachite kufunsa. Pa kVA imene yalembedwa chulukitsani ndi 0.8 kuti mupeze kW yeniyeni, ndiye ya 10 kVA ikupatsani 8 kW, yokwanira zida zimene zatchulidwazi ndi nyali za LED, ndi mpata wotsala. Mpatawo ndi wofunika chifukwa bezi ndi ng'oma ya phazi zimakoka magetsi modzidzimutsa. Kajenereta ka pashopu ka 2.5 kVA kamagwa mphamvu pakugunda kulikonse, ndipo mikisa ya digito imathima n'kuyambanso, holo yonse zii. Jeneretayo ikhale ya AVR, yokhazikitsa mavolti payokha, ikhomeredwe chitsulo cha earth m'nthaka, iime panja mamita 20 kapena 30 kutali ndi mawindo chifukwa utsi wake umapha. Ya dizilo ya msinkhu umenewo imamwa malita 2 mpaka 3 pa ola, ndiye malita 20 akufikitsani kuyambira poyesa zida mpaka pomaliza. Ilumikizidwe kudzera pa changeover switch, yosinthira pakati pa magetsi a holo ndi a jenereta, osati kuibaya pa soketi ya m'khoma. Mikisa muipatse UPS yake, batire loigwirizira magetsi akathima. Kunena zoona ine ndikanati shoo yonse iyendere jenereta kuyambira pachiyambi, kusiyana n'kumasintha pakati anthu atatenthedwa kale.

Poyatsa, mikisa iyambe, maampu a masipika amalize. Pothimitsa, maampu ayambe. Mukasemphanitsa mudzamva phuu, ndipo nthawi zina phuu ameneyo ndi sipika yapita.

Gitala_ya_Ndirande

A Mikisa16 ndikugwirizana nanu kuti mawu ankachokera pa siteji, koma wina asamve ngati mwati akasake Marshall ya 100 W ndi bokosi la masipika anayi n'kutsegula mpaka kumapeto. M'holo ya malata imeneyo oimba sadzamveka, ndipo a pamikisa adzangokhala manja lende, popeza palibe chimene angatsitse.

Kunenepa kwa gitala kumabwera ampu ya mavalavu ikagwira ntchito molimbika, osati chifukwa ndi yaikulu. Kuchoka pa 50 W kufika pa 100 W mumangopeza 3 dB, khutu limangoti yakwera pang'ono. Ya 15 mpaka 30 W yotsegulidwa bwino imanenepa kuposa ya 100 W imene volume yake ili pa 2. Kutsogolo kwake muike maiki ya SM57 itatsala pang'ono kugunda nsalu, osati pakati penipeni pa sipika pamene mawu amabaya, koma chapambali pang'ono. Ndiye theka la gitala lichokere pa siteji, theka m'masipika akulu. Ngati ya mavalavu sipezeka, Peavey Bandit kapena Roland JC-120 ndi pedulo ya distortion ngati Boss DS-1 zimagwira ntchito. Ya mavalavu musaiyatse sipika yake isanalumikizidwe, thiransifoma imapsa.

Ampu isakhale pansi. Mawu akuthwa amayenda molunjika, ndiye ikakhala pansi imaimbira maondo a mwini wake, iye n'kumati sindikudzimva, n'kumakweza, pamene a mzere wakutsogolo akutseka makutu. Muikweze pa kreti kapena pampando, ipendekere kumutu kwake, iyang'ane chodutsa pa siteji.

Achinyamata amene anaphunzira gitala kuchipinda amakonda kuchotsa mid (mawu apakati) yonse n'kudzaza gain (yoswa mawu a gitala). Payekha zimakoma, mu bandi gitala imasowa, imangosiya mkokomo wosadziwika mutu wake. Mid ikhale pa 6 kapena 7, bass ya ampu itsike kuti isalimbane ndi bezi, gain ichepe kusiyana ndi mmene mwini akufunira. Magitala akakhala awiri asamveke mofanana, ina ikhale yoyera pang'ono.

Nsambo zatsopano za .010 mpaka .046 zimangidwe masiku awiri shoo isanafike, zikokedwe ndi dzanja kuti zikhazikike. Zomanga tsiku lomwelo zimatsika nyimbo iliyonse. Gitala yachiwiri yochunidwa kale iime pambali, chifukwa kusintha nsambo yoduka anthu akudikira kumazizitsa holo. Chingwe cha gitala chisapitirire mamita 6, chikatalika chimadya mawu akuthwa n'kutola phokoso. Mapedulo a 9 V akhale ndi adaputala yake yoyenera, ndi mabatire atsopano m'thumba. Ndipo ngati ena mwa anzanu a pa Poly akufuna kukwera pa siteji kudzaimbako, bandi itsitse magitala ndi theka la toni, kufika pa E flat. Kholingo la zaka 50 silifika pamene linkafika lili ndi 22.

WapaPoly90s

Zikomo kwambiri akuluakulu, izi ndazitumiza ku komiti mmene zililimu. Funso lina: mmodzi mwa anzathu ali ndi makaseti awiri amene anajambulidwa pa shoo ya nthawi imeneyo. Tikufuna kuwaimba anthu akamalowa, komanso kuti bandi imvereko mmene zinkamvekera. Kodi angatithandize? Nanga za zilolezo pali chimene tikuiwala?

Mikisa16

Aimbeni anthu asangalale, koma bandi isatengerepo chitsanzo. Makaseti otere ambiri ankajambulidwa kuchokera pa mikisa, ndipo monga ndanena, mu mikisa munkadutsa mawu a oimba ndi kiyibodi. Mudzamva woimba ali pamwamba yekhayekha, gitala ili kutali, bezi kulibe. M'holo sizinkamveka choncho.

Kaseti imene yakhala zaka 30 musangoiponya mu wailesi iliyonse. Yang'anani kaye kathonje kamene kamakankhira tepi kumutu wa deki wowerenga mawu, kamakonda kumatuka, ndipo popanda iko mawu amatuluka ofooka. Thyolani timano tapamwamba kuti wina asajambulirepo mwangozi. Ithamangitseni mpaka kumapeto n'kuibweza kamodzi kuti tepi imasuke. Mutu wa deki ndi kagudumu ka labala mupukute ndi isopropyl, mudikire ziume. Ngati mawu akumveka ngati ali m'madzi, pambali pa mutu pali kasikuluwu, katembenuzeni pang'onopang'ono kaseti ikuimba mpaka ma cymbal amveke bwino. Kuchokera pa line out ya deki mulowetse mu kompyuta, mujambule ndi pulogalamu ya Audacity ngati fayilo ya WAV pa 44.1 kHz, mawu asakwere kupyola -6 dB. C90 ndi mphindi 45 mbali iliyonse, ijambuleni yonse kamodzi, zodula nyimbo mudzachita pakompyuta. Tsiku la shoo muimbe za pakompyutazo, makasetiwo akhale kunyumba.

Shoo ya chaka chinoyi muijambule mwanzeru: mzere umodzi kuchokera pa mikisa, ndi kachojambulira kena ka maiki awiri chapakati pa holo, pamwamba pa mitu. Mukazisakaniza mudzakhala ndi mawu a oimba omveka, ndi gitala, ng'oma ndi anthu akukuwa.

NaBanda_Mashoo

Bambo, za zilolezo yambani msanga. Popeza bandi idzaimba nyimbo za eni ake pagulu, pitani ku COSOMA, bungwe limene lakhala likuyang'anira za umwini wa nyimbo kuyambira 1992, mukatenge chilolezo cha tsikulo. Lemberani kalata apolisi a dera limene kuli holoyo, ndipo mufunse mwini holo ngati ali ndi chilolezo cha khonsolo chogulitsira mowa komanso ola limene phokoso liyenera kutha. Ndi bandi mulemberane pepala: ndalama zingati, theka liperekedwa liti, afika nthawi yanji, zida ziti abweretsa okha. Mkangano umene umachitika kawirikawiri ndi wa ng'oma ndi ampu ya bezi, a bandi amaganiza kuti abweretsa ndi a masipika, a masipika amaganiza kuti abweretsa ndi a bandi.

Mndandanda wa nyimbo muwapatse mwezi wathunthu usanakwane tsikulo. Chigawo cha mphindi 45 chimalowa nyimbo 10 kapena 11, ndiye zigawo zitatu ndi nyimbo pafupifupi 30. Rock yokhayokha usiku wonse sidzagwira anthu. A m'badwo umenewo anakulira Alleluya Band ya ku Balaka, Zembani, Kalimba ndi reggae, ndipo ambiri mashoo abwino ankakaonera ku French Cultural Centre. Ikani rock yolemera m'chigawo chachiwiri, chomaliza chikhale chovinika. Mabandi akakhala awiri agwiritse ng'oma ndi maampu amodzi, apo ayi kusinthana kumadya theka la ola m'malo mwa mphindi 15.

Zida zilowe 12 koloko masana, kuyesa kuyambe 3 koloko, kuthe 5 koloko zitseko zisanatsegulidwe. Julayi kuno ndi nyengo ya chiperoni, choncho jenereta ikhale ndi denga lake ndipo polumikizira mawaya panja pasagone pansi. Magitala alowe m'holo msanga azolowere, chifukwa akachoka kozizira n'kulowa kotentha ndi anthu amasuntha chuni.

Za kutuluka makutu akulira zija musazilakelake. Pa 85 dB khutu limapirira maola 8, ndipo mukakweza ndi 3 dB nthawiyo imadulidwa pakati, moti pa 100 dB yatsala mphindi 15 zokha. Muuzeni wa pamikisa asapitirire 95 dB pamalo pamene waima, pulogalamu ya pafoni imamuonetsa moyerekeza. Pageti pakhale zotsekera m'makutu za siponji, ndipo matebulo a amene akufuna kucheza muwaike kumbuyo, kutali ndi ma sub.